Inshuwalansi ya moyo kwa odwala shuga, BP ndi matenda ena amgonagona: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri akangouzidwa kuchipatala kuti ali ndi shuga amaganiza kuti nkhani ya inshuwalansi ya moyo yathera pomwepo. Ena safunsa n'komwe. Ena amafunsa, koma akafika pa fomu amabisa matendawo, ndipo amene amadzalira ndi mkazi kapena mwamuna ndi ana otsala. Mafunso ali m'munsiwa ndi a anthu amene akukhala ndi matenda osachizika koma akufuna kusiyira banja lawo pogwira.

Ndili ndi shuga. Kodi kampani ya inshuwalansi ingandilandire?

Inde, ambiri amalandiridwa. Kampani ikalandira fomu yanu imachita chimodzi mwa zinthu zinayi: kukulandirani pa mtengo wa aliyense, kukulandirani pa mtengo wokwererapo, kukuuzani kuti mudikire kaye miyezi ingapo, kapena kukana. Kwa munthu wa shuga yankho lofala ndi lachiwiri lija. Kukanidwa kumagwera makamaka amene shuga yawo yawononga kale impso, maso, mtima kapena mapazi, komanso amene sapita kusikelo ya shuga ndipo alibe cholembedwa chilichonse chosonyeza momwe akukhalira.

Ku Malawi kuli makampani angapo ogulitsa inshuwalansi ya moyo, monga NICO Life, Old Mutual, Vanguard Life ndi Smile Life. Aliyense ali ndi muyeso wake, choncho yankho la mmodzi si yankho la onse.

Amayang'ana chiyani kwenikweni?

Sayang'ana dzina la matenda lokha. Anthu awiri onse a shuga atha kupatsidwa mitengo yosiyana kutalitali.

Choyamba ndi mtundu wa shuga. Mtundu woyamba, umene nthawi zambiri umayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata ndipo umafuna jakisoni wa insulin moyo wonse, amauona kuti ndi wolemererapo kusiyana ndi mtundu wachiwiri, umene umabwera munthu atakula ndipo ambiri amaugwira ndi kadyedwe, mapiritsi a metformin kapena glibenclamide. Chachiwiri ndi msinkhu umene munapezeka nawo. Apa ambiri amadabwa: bambo amene wapezeka ndi shuga ali ndi zaka 58 amawonjezeredwa pang'ono kusiyana ndi mnyamata amene wapezeka nayo ali ndi zaka 28. Chifukwa chake n'chakuti shuga imawononga mitsempha pang'onopang'ono, ndipo mnyamatayo adzakhala nayo zaka zambiri.

Kenako pamabwera muyeso wa HbA1c. Uwu ndiwo amaukhulupirira kwambiri, popeza umaonetsa momwe shuga yakhala ikuyendera m'magazi kwa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, osati tsiku limodzi. Simungaupusitse posala nsima dzulo lake. Madokotala amati munthu ali ndi shuga muyesowu ukafika 6.5%, ndipo kwa odwala ambiri cholinga chimakhala kuusunga pansi pa 7%. Amene ali pafupi ndi 7% amalankhula ndi kampani ali ndi mphamvu. Amene ali pa 10% kapena kupitirira, kawirikawiri amauzidwa kuti akayambe wakonza kaye.

Amayezanso mkodzo kuti aone ngati impso zayamba kutaya zomanga thupi, amayeza creatinine (muyeso woonetsa momwe impso zikugwirira ntchito) m'magazi, BP, mafuta a m'magazi, kulemera ndi kutalika. Amafunsa za maso, dzanzi la m'mapazi, zilonda zosapola, ndiponso ngati munagonekedwapo m'chipatala chifukwa shuga inakwera kapena kutsika mpaka kukomoka.

Ndiye pali fodya. Shuga ndi fodya zikakumana mwa munthu mmodzi, mtengo umalumpha kuposa china chilichonse, ndipo makampani ena amangokana. Ngati pali chinthu chimodzi chimene mungasinthe musanapemphe, n'chimenechi. Dziwani kuti ambiri amakuwerengani ngati wosasuta pokhapokha patatha chaka chathunthu mutasiya, ndipo atha kuyeza mkodzo kapena magazi kuti atsimikize.

Kusikelo amangondibaya chala, HbA1c sindinayezetsepo. Nditani?

Zipatala zambiri zazing'ono zilibe makina ake, n'zoona. Kampani ikafuna muyesowu imakutumizani kwa dokotala kapena labu imene imagwira nayo ntchito, ndipo nthawi zambiri imalipira yokha. Koma ine ndingakulangizeni kuti ngati thumba likulola, mukayezetse nokha musanadzaze fomu, kuti mudziwe pamene mwaima. Mukapeza kuti yakwera, kambiranani ndi dokotala wanu, sinthani zofunika, ndipo mukapemphe patatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi.

Musapeputse kabuku kanu ka kuchipatala, kaja kamapindika m'chikwama ndi kuda m'mphepete. Mukatsegula mupeza tsiku lililonse limene munapita, nambala ya shuga ya m'mawa musanadye, BP, mankhwala amene munapatsidwa ndi saini ya amene anakuonani. Munthu amene amaunika mafomu ku kampani sakudziwani. Akaona masamba otsatizana mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri, manambala osadumphadumpha, amaona munthu wodzisamala. Akaona tsamba limodzi la 2021 kenako zii mpaka lero, amaganiza zoipa. Kabuku kakadzadza musakataye, ndipo jambulani masamba ake pafoni.

Mtengo ukwera ndi zingati?

Palibe nambala imodzi ya onse. Kampani imatenga mtengo wa munthu wathanzi wa msinkhu wanu n'kuwonjezerapo gawo. Tiyerekeze kuti mnzanu wopanda matenda akulipira K20,000 pamwezi. Akakuwonjezerani 50%, inu muzilipira K30,000. Akawonjezera 100%, ndiye K40,000. Wa shuga ya mtundu wachiwiri yosamalidwa bwino amakhala kumunsi, wa mtundu woyamba kapena amene BP ndi kunenepa zaphatikizirapo amakwera.

Mtengo ukakulemerani musachoke chimanjamanja. Funsani kuti ukhala bwanji mukachepetsa ndalama zodzalandira, kapena mukatenga ya zaka zowerengeka, monga 10 kapena 15, yongofikitsa ana kumapeto a sukulu. Funsaninso ngati angadzaunikenso mtengowo thanzi lanu likadzayenda bwino. Ena amalola, koma sayamba okha kukuuzani.

Bwanji ndingobisa? Adziwa bwanji?

Limeneli ndiye funso limene landichititsa kulemba tsamba lonseli. Adziwa, ndipo adzadziwa pa nthawi imene inu simudzakhalapo kuti mufotokoze.

Pofunsira inshuwalansi kampani imakhulupirira zimene mwalemba. Kufufuza kwenikweni kumachitika munthu akamwalira, makamaka akamwalira zaka zoyambirira. Amaitanitsa kalata ya dokotala yonena chimene chapha munthu, amafunsa mafayilo a kuchipatala, kabuku kaja, ndi zolemba za medical aid (bungwe lokulipirirani chithandizo cha kuchipatala) zosonyeza mankhwala amene munkatenga. Pa fomu imene munasaina pamakhala mzere wowapatsa chilolezo chochita zonsezi. Akapeza kuti munkamwa metformin zaka zitatu musanalowe koma munalemba kuti mulibe shuga, ali ndi mphamvu yothetsa mgwirizano wonse ngati kuti sunakhalepo. Banja limangobwezeredwa zimene munkalipira, nthawi zina osalandira n'komwe.

Ambiri amaganiza kuti zimenezi zimagwira ntchito pokhapokha ngati shuga yomweyo ndiyo yapha munthu. Si choncho. Ku South Africa kunachitika nkhani imene dziko lonse linailankhula mu 2018. Bambo wina wa ku Durban anawomberedwa ndi achifwamba pakhomo pake mu 2017. Mkazi wake atapita kukapempha R2.4 miliyoni ya inshuwalansi, kampani ya Momentum inakana, ponena kuti malemuyo sanaulule kuti anapezekapo ndi shuga yokwera m'magazi asanalowe. Ofesi yomva madandaulo a inshuwalansi inagwirizana ndi kampaniyo. Mfundo yake inali yakuti akanadziwa za shugayo, sakanamulandira pa mgwirizano umenewo, ndiye chipolopolo sichikusintha kanthu. Ndalamazo zinadzaperekedwa mu November 2018 anthu atakwiya kwambiri m'manyuzipepala ndi pa intaneti. Mayi wamasiye wa ku Ndirande kapena ku Kawale sangadalire kuti dziko lonse lidzamulirira chotero.

Kulipira K30,000 pa inshuwalansi imene idzaperekadi ndalama kuli bwino kusiyana ndi kulipira K20,000 zaka zisanu ndi zitatu pa pepala limene lidzakanidwa.

Ejenti wandiuza kuti ndingolemba "ayi" paliponse kuti zisachedwe. Ndimvere?

Musamvere. Ejenti amalandira komishoni mukalowa, koma saini ili pansi pa fomuyo ndi yanu. Musasaine fomu yopanda kanthu kuti akadzaze yekha kuofesi. Ngati wakudzazirani, werengani yankho lililonse kapena wina amene mumamukhulupirira akuwerengereni, ndipo tengani kope lake. Zimene mwangomuuza pakamwa koma sanalembe, kampani idzati simunanene. Ma ejenti okhulupirika alipo ambiri, ndipo mudzawazindikira chifukwa iwowo ndi amene amakukakamizani kulemba zonse.

Nanga ngati ndinali ndi matenda koma sindinkadziwa?

Simungabise chimene simukuchidziwa. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ku Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo 5.6% anali ndi shuga, koma ochuluka sankadziwa. Munthu wotere akayankha moona mtima, alibe mlandu.

Samalani apa pokha: fomu sifunsa za matenda otsimikizika okha. Imafunsanso ngati munayezedwapo n'kuuzidwa kuti mubwerenso, ngati mukudikira zotsatira, kapena ngati muli ndi zizindikiro monga ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku ndi kuonda mosadziwika bwino. Namwino akanakuuzanipo kuti "shuga yanu yakwera pang'ono, mudzabwere musanadye", zimenezo zilembeni, ngakhale simunabwerereko. Chimodzimodzi amayi amene anakhalapo ndi shuga ya pa mimba imene inatha atachira.

Ndapezeka ndi shuga nditalowa kale. Andichotsa?

Ayi. Mgwirizano unamangidwa pa thanzi limene munali nalo tsiku lolowa. Bola muzilipira, sangakuchotseni kapena kukukwezerani mtengo chifukwa cha matenda obwera pambuyo. Chosiyana ndi pamene matendawo apezeka mutapereka fomu koma kampani isanavomereze. Pamenepo muyenera kuwauza.

Policy (mgwirizano wa inshuwalansi) yotereyi igwireni ndi manja awiri. Wina akabwera ndi "yotchipa" kuti musiye yakaleyo, dziwani kuti yatsopanoyo idzakufunsani za shuga, pamene yakaleyo inakulandirani musanapezeke nayo.

Ndikalephera kulipira miyezi ingapo chimachitika n'chiyani?

Makampani ambiri amapereka masiku pafupifupi 30 oti mukonze. Akadutsa, chitetezo chimaima. Kuti muchidzutsenso amakufunsaninso za thanzi, ndipo kwa munthu amene wadwala pakatipa, apa ndi pamene khomo limatsekeka. Ngati ndalama imadulidwa kumalipiro kapena kubanki, muziona mwezi uliwonse kuti yadulidwadi, makamaka mukasintha ntchito kapena akaunti. Zinthu zikathina, pitani mukakambirane zochepetsa m'malo mongokhala chete.

Ndimagwira ntchito pakampani. Kodi inshuwalansi ya moyo ndili nayo kale?

Mwina muli nayo osadziwa. Lamulo la penshoni la ku Malawi, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 n'kulembedwanso mu 2023, limalamula olemba ntchito amene likuwakhudza kuti pambali pa penshoni azigulira antchito awo inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Makampani ena amapereka ya zaka ziwiri kapena zitatu.

Kwa munthu wa matenda amgonagona, iyi ndiyo yabwino kuposa zonse, chifukwa antchito amalowa ngati gulu. Pamakhala mlingo wa ndalama umene aliyense amalandiridwa osayezedwa, ndipo okhawo a malipiro apamwamba opitirira mlingowo ndiwo amatumizidwa kwa dokotala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: musanayende m'maofesi kufunafuna ina, pitani kwa oona za antchito mukafunse kuti yanu ndi ya ndalama zingati, ili ku kampani iti, ndiponso ngati abwana akulipiradi. Onaninso maina amene munalemba kuti adzalandire. Pali anthu amene analemba mayi awo asanakwatire, ndipo lero ali ndi ana anayi osalembedwa.

Kuipa kwake n'kwakuti ntchito ikatha, nayonso imatha. Funsani ngati pali mwayi woipitiriza panokha popanda kuyezedwanso. Kumene mwayiwu ulipo, umakhala wa masiku ochepa mutangochoka.

Nanga inshuwalansi ya maliro ndi ija ya pa ngongole?

Ya maliro nthawi zambiri sifunsa za thanzi, kapena imafunsa mafunso ochepa. M'malo mwake imaika nthawi yodikira, kawirikawiri miyezi isanu ndi umodzi, imene munthu akamwalira ndi matenda salipira. Imfa ya ngozi amalipira kuyambira pachiyambi. Ndalama zake n'zochepa, za bokosi, galimoto ndi chakudya cha pamaliro. Sizingaphunzitse mwana, komabe zimateteza banja kuti lisathamangire katapila tsiku la zovuta.

Ya pa ngongole ndi ija banki imakudulani mukatenga ngongole, kuti mukamwalira ngongoleyo ithe. Iwerengeni bwino, chifukwa zambiri zimakhala ndi mfundo yakuti sizilipira ngati munthu wamwalira m'miyezi yoyamba ndi matenda amene anali nawo kale. Pa ngongole yaikulu ngati ya nyumba, atha kukuyezani monga pa inshuwalansi ina iliyonse.

Matenda anga si shuga. BP, HIV, mphumu, khunyu ndi khansa amaziona bwanji?

BP yokha, yogwidwa bwino ndi mankhwala n'kumakhala pansi pa 140/90, kawirikawiri sivuta, ndipo ena amalandiridwa pa mtengo wamba. Imalemera ikaphatikizana ndi shuga, kapena ngati munthu anadwalapo sitiroko.

Pa HIV zinthu zasintha kwambiri. Kale kungopezeka ndi kachilombo kunali kukanidwa. Lero munthu womwa ma ARV mokhulupirika, amene kachilombo sikakuonekanso m'magazi, amakhala zaka zoyandikira za wina aliyense, ndipo makampani ambiri m'chigawo chino anayamba kulandira anthu otere. Amafuna kuona viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi), CD4 (muyeso wa chitetezo cha m'thupi) ndi chaka chimene munayamba mankhwala. Funsani kampani iliyonse payokha, popeza si onse asuntha mofanana.

Mphumu yosagoneka munthu m'chipatala sivuta. Pa khunyu amafunsa kuti munagwa liti komaliza, ndipo zaka zikamadutsa osagwa mtengo umatsika. Pa khansa amadikira kuti padutse zaka zingapo chithandizo chitatha, malinga ndi mtundu wake ndi pamene inafika. Matenda a impso ofika pa dialysis (kusefa magazi ndi makina) ndi mtima wofooka kwambiri ndiwo amakanidwa pafupifupi kulikonse, ndipo kwa otere njira ndi ya kuntchito ndi ya maliro.

Andikana. Basi zatha?

Sizinathe. Pemphani kuti akuuzeni chifukwa. Makampani ena amatumiza chifukwacho kwa dokotala wanu osati kwa inu, ndipo nthawi zina m'menemo ndi mmene munthu amadziwira kuti impso zayamba kuvuta. Ngati vuto ndi HbA1c kapena BP, zimenezo zimakonzeka, mudzapemphenso. Yesaninso kwina, makamaka kudzera kwa broker amene amagwira ntchito ndi makampani angapo. Fomu yatsopano ikafunsa ngati munakanidwapo, yankhani zoona.

Ndili pa MASM. Si zomwezo?

Ayi. MASM ndi mabungwe ena a medical aid amalipira chithandizo cha kuchipatala muli moyo. Inshuwalansi ya moyo imapereka ndalama kwa otsala mukamwalira.

Ndimakhala kunja. Zikusiyana pati?

Ku South Africa malamulo salola kuti nthawi yodikira pa inshuwalansi ya maliro ipitirire miyezi isanu ndi umodzi pa imfa ya matenda. Kwa Mmalawi wa ku Johannesburg kapena Cape Town funso lalikulu ndi lakuti, kodi idzalipira kunyamula thupi mpaka kumudzi, kudutsa malire? Zambiri zimangonyamula m'dziko momwemo. Funsaninso mapepala amene amafuna, kuti banja lisadzakanidwe chifukwa cha chitupa. Kumeneko kulinso kampani ya AllLife imene inadziwika ndi kulandira anthu a HIV ndi a shuga, bola azitsatira chithandizo ndi kuyezetsa.

Ku Britain kampani imatha kupempha lipoti kwa GP wanu (dokotala amene mumaonana naye nthawi zonse), inu mutavomereza. Anthu a zaka zoposa 50 ali ndi mtundu wina wosafunsa za thanzi, umene umayamba kulipira ndalama zonse patatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Ngati mukulingalira zodzabwerera kumudzi, funsani ngati policy idzapitirire mukasamuka. Madandaulo amapita ku Financial Ombudsman Service.

Nditenge ya ndalama zingati?

Werengani ngongole zanu, fizi ya ana mpaka amalize, ndi ndalama zoyendetsera pakhomo kwa zaka zingapo. Kenako yerekezani ndi zimene mungakwanitse kulipira ngakhale mwezi wa January. Kumbukirani kuti kwacha imagwa: mu November 2023 inatsitsidwa ndi 44% tsiku limodzi. K10 miliyoni imene ikuoneka yambiri lero idzakhala yochepa pofika zaka 15. Makampani ena amalola kuti ndalama zolipira ndi zodzalandira zizikwera chaka ndi chaka popanda kuyezedwanso. Kwa munthu wa shuga mwayi umenewu ndi wofunika kuutenga polowa pomwepo, chifukwa kudzawonjezera mtsogolo kudzafuna dokotala.

Ndikadzamwalira banja langa lidzachite chiyani, nanga likakanidwa likadandaule kuti?

Choyamba liyenera kudziwa kuti inshuwalansiyo ilipo. Uzani mkazi kapena mwamuna wanu, ndi munthu wina mmodzi wodalirika, dzina la kampani, nambala ya policy ndi pamene mapepala ali. Lembani maina a odzalandira monga alili pa chiphaso cha unzika, ndi gawo la aliyense. Ngati ana ndi aang'ono, funsani kampani kuti ndalama zawo zidzasungidwa ndi ndani. Maina olembedwa bwino amachepetsa mpata wa achibale olanda chuma cha masiye, mchitidwe umene lamulo la chuma cha masiye la 2011 limauletsa.

Odzalandira adzafunika chikalata cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, kalata ya kuchipatala yonena chimene chapha munthu, ziphaso zawo ndi mapepala a policy. Imfa ikachitikira kumudzi, kalata ya amfumu ndiyo poyambira. Adziwitse kampani msanga, asadikire kuti mwambo wonse wa maliro uthe.

Kampani ikakana, apemphe kuti chifukwa chilembedwe m'kalata, ndipo ayambe adandaula kukampani komweko. Zikakanika, apite ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani onse a inshuwalansi ndi kumva madandaulo a makasitomala. Apite ndi kope la fomu imene munadzaza polowa, malisiti a zolipira, ndi kalata yokanirayo.